Sipika ikamathetheka hadi disiki ikamagwira ntchito, musathamangire kugula ina

Mwezi wathawu kunabwera akulu ena ake pa kashopu kanga kuno ku Ntcheu boma, atakwera minibasi kuchokera ku Lizulu, kompyuta ataikulunga mu chitenje ngati mwana wodwala. Ntchito yawo ndi yobena nyimbo ndi mafilimu m'mamemore khadi ndi m'mafulashi, nde pa malo ngati amenewo sipika imayenera kulira tsiku lonse kuti odutsa adziwe kuti kwabwera zatsopano. Dandaulo lawo linali loti akangoyamba kukopera kasitomala mafayilo, nyimbo ya pa sipika imayamba kuthetheka ngati tchipisi pa chiwaya, pena kudukaduka, kukopa kukangotha mawu amabwerera mwakale ngati sipanachitike kanthu. Anali atagula kale masipika ena, atafomata kawiri, mnyamata wina atawauzanso kuti agule madabodi ina, bodi yaikulu ija imene zonse za mkati mwa kompyuta zimalumikizidwapo. "Achimwene, kaya ndi ufiti kaya ndi chani, ingoionani," anatero akuitula pa tebulo. Ufiti panalibe, ndipo masipika oyamba aja analinso bwinobwino.

Vuto limeneli ndimalipeza pafupipafupi kwa ma DJ a pa zinkhoswe ndi maukwati, anyamata a timastudio tojambula makwaya, ndi a vidiyo sho, nde ndati ndilembe mmene ine ndimafufuzira, mwina wina apulumutsa ndalama yake ya kachewere.

Yambani mwatsimikiza kuti ndi disikidi. Kutsogolo kwa makompyuta ambiri a pa tebulo kuli kanyali kakang'ono, nthawi zambiri kofiira kapena kachikasu, kamene kamaphethira disiki ikamawerenga kapena kulemba. Malaputopu akale nawonso ali nako, atsopanowa ambiri anakachotsa. Ikani nyimbo, kenako kopani foda yaikulu, ya mafilimu mwina, kuchoka pena kupita pena, maso pa kanyali makutu pa sipika. Phokoso likamayendera limodzi ndi kuphethira kwa kanyaliko basi tapeza poyambira. Ngati mulibe kanyali dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager itseguka, pitani pa Performance muziyang'ana mzere wa Disk mmene ukukwerera ndi kutsika.

Koma ndikuuzirenitu pompano, ngati mukumva tiki tiki kapena ngati kogogoda kuchokera mkati mwa bokosi la kompyutalo, osati pa sipika, siyani kaye kuwerenga izi, sakani disiki ina mukopere zinthu zanu zofunika lero lomwe. Nkhani imeneyo ndiibwerera kumunsiku.

Tsopano kayeso kamene kamagawa nkhani yonse pawiri, ndipo ndi kamene anthu ambiri amakalumpha. Imitsani nyimbo, tsekani pleya, koma ampu kapena masipika asiyeni oyaka, voliyumu ikwereko pang'ono. Kopaninso foda ija nkumvetsera. Ngati mukumvabe tsiii kapena krrr motsatana ndi kanyali kaja pomwe palibe nyimbo ikulira, ndiye kuti magetsi akulowerera mu njira ya mawu. Ngati kuli zii, ndipo kuthetheka kumabwera pokhapokha nyimbo ikulira, ndiye kuti kompyuta ikuchedwa kupereka mawu ku sipika chifukwa yatanganidwa ndi disiki. Awa ndi matenda awiri osiyana ndithu. Oyambawo olo mutafomata ka 10 sangathe, achiwiriwo olo mutagula waya wodula bwanji sangathenso. Ena amadwala onse awiri nthawi imodzi, ngati akulu a ku Lizulu aja.

Likamamveka olo nyimbo itaima

Mkati mwa hadi disiki muli timbale tozungulira, ka 5400 pa mphindi m'malaputopu ambiri, ka 7200 m'makompyuta ambiri a pa tebulo, komanso kamkono kamene kamathamanga uku ndi uku kusaka fayilo. Kamkonoko kakamadumpha kamakoka magetsi modzidzimutsa, kukoka kusiya kukoka kusiya. Disiki yaikulu ya mainchesi 3.5 imadya 12V ndi 5V, yaing'ono ya 2.5 imadya 5V yokha. Nde tchipu cha mawu chili pa madabodi yomweyo, chikudya pa pawa sapulayi (kabokosi kogawa magetsi mkati mwa kompyuta) yomweyo, njira yobwerera magetsi ndi imodzinso. Kugwedezeka kwa magetsi kuja kukalowa mu waya wa mawu, ampu siidziwa kuti ichi ndi nyimbo ichi ndi zinyalala, imangokweza zonse. Nchifukwa chake ena amamva phokoso lomweli akamasuntha mausi.

Chosavuta kuposa zonse, chotsani jaki ya sipika pa bowo la kutsogolo muilowetse pa bowo lobiriwira la kumbuyo. Bowo la kumbuyolo lili pa madabodi penipeni, pomwe la kutsogolo limalumikizidwa ndi kawaya kakatali kopyapyala kamene kamadutsa mkati mwa bokosi, ndipo m'mabokosi otchipa kawayako kamakhala kopanda chotchinga chabwino, kamatola phokoso lililonse kakadutsa pafupi ndi mawaya a magetsi a disiki. Kangapo konse nkhani imathera pomwepa, munthu nkubwerera kwawo osalipira kanthu. Ngati mukufunabe bowo la kutsogolo, thimitsani kompyuta, zulani pulagi ku khoma, tsegulani mbali, gwirani kaye chitsulo cha bokosi musanakhudze china chilichonse, mupeze kawaya kolembedwa HD AUDIO mukadutsitse mmphepete, kutali ndi mawaya ochokera ku pawa sapulayi. Onaninso ngati masikuluwu ogwira madabodi alipo onse ndipo ndi omangika, paja amenewa ndi amene amalumikiza bodi ku chitsulo cha bokosi. Makompyuta a kaunjika ambiri amabwera masikuluwu atatsala awiri.

Kenako yesani mahedifoni, kulowetsa pa kompyuta penipeni, ampu ndi mikisa mutazizula. M'mahedifoni mukakhala zii koma pa ampu phokoso, vuto lili pakati pa kompyuta ndi ampu. Apa amene ali ndi laputopu ali ndi mwayi chifukwa kuyesa kwake ndi kwa sekondi imodzi: zulani chaja, iyende pa batire. Phokoso likazima nthawi yomweyo, mwagwira wakuba.

Ine zinandionekera pa ukwati wina ku Nsipe, perekaniperekani ali mkati, anthu akuponya ndalama, masipika nkuyamba ng'iii krrr nthawi iliyonse ndikamatsegula foda kusaka nyimbo imene a MC akufuna. Chaja yeniyeni inali itapsa sabata imeneyo nde ndinali nditagula ina yotchipa, yopepuka ngati mulibe kanthu mkati. Nditaizula phokoso linatheratu, ndinamaliza gawo limenelo pa batire mtima uli m'mwamba kuti ithima nthawi ina iliyonse, nkumaichaja nthawi ya malankhulidwe nditatsitsa chanelo pa mikisa. Chaja yotchipa imasefa magetsi moperewera, ndiye disiki ikakoka, zonse zimamveka. Koma olo chaja yeniyeni imathanso kuchita zimenezi ngati laputopu ili pa soketi ina, ampu pa soketi ina, chifukwa earth (waya wotayira magetsi pansi uja) ya uku ndi ya uko zimasiyana pang'ono ndipo kusiyanako kumadutsa mu waya wa mawu. Achingerezi amati ground loop. Ikani kompyuta, mikisa ndi ampu pa ekisitenshoni imodzi yabwino kuchokera pa soketi imodzi, nthawi zambiri limachepa kapena kutheratu.

Pali mankhwala ena amene anyamata amauzana, oti thyolani phini la pamwamba la pulagi, lalitali lija la earth. Inde phokoso limatha, sindikana. Koma phini limenelo ndi limene limakutetezani tsiku limene waya wamoto wakhudza chitsulo cha ampu. Magetsi athu kuno ndi 230V, ndipo maiki yachitsulo ili m'manja mwa munthu amene waponda pansi ponyowa nthawi ya dzinja. Musachite zimenezo amwene. Chimene chimagwira ntchito yomweyo mosaika moyo pa chiswe ndi kabokosi kotchedwa ground loop isolator, kapena DI box kwa amene muli ndi mikisa yaikulu. Mumakaika pakati pa kompyuta ndi mikisa, mkati mwake muli katiransifoma kamene kamadutsitsa mawu koma kudula njira ya earth ija. M'mashopu a zoimbira ku Lilongwe ndi ku Blantyre zimapezeka, tchulani mayina amenewa.

Musaiwalenso ekisitenshoni yeniyeniyo. Zambiri za pamsika zimakhala ndi mabowo atatu koma mkati mawaya awiri okha, earth kulibe. Nyumba zina za lendi nazonso soketi ilibe earth olo pang'ono, nde ngati mumamva kunyerenyetsa mukakhudza bokosi la kompyuta muli osavala nsapato, itanani wa zamagetsi, nkhani yake yaposa ya nyimbo.

Voliyumu nayonso anthu amaipanga chododometsa. Pa kompyuta aika 15, pa ampu apotokola mpaka kumapeto. Mukatero mukukweza zinyalala zambiri nyimbo pang'ono. Kwezani ya pa kompyuta cha m'ma 80, ya pa ampu mutsitse, mudzamva nokha kusiyana. Ndipo dinani batani la Windows ndi R, lembani mmsys.cpl, pa Playback sankhani Speakers, Properties, Levels. Pa makompyuta ambiri a Realtek mupezapo Microphone, Line In, pena CD Audio ndi PC Beep. Zimene simukugwiritsa ntchito zitsekeni zonse chifukwa bowo lopanda kanthu koma lotsegula limatola phokoso ngati eriyo. Pa Recording onaninso kuti Listen to this device palibe chichongi.

Disiki ya kunja ya pa USB ili ndi khalidwe lake. Bowo la USB 2.0 limapereka 500mA, la USB 3.0, labuluu lija, 900mA, ndipo disiki ya 2.5 ikamayamba kuzungulira imafuna zambiri, nde mukaiika pa bowo loyandikana ndi la mawu kapena pa habu (kochulukitsira mabowo a USB kaja) imodzi ndi saundi khadi (kachipangizo kopanga mawu) ya USB, phokoso silichedwa. Isinthireni mbali ina, pa bowo labuluu ngati lilipo, kapena pezani habu yokhala ndi adaputa yakeyake.

Zonsezi zikakanika, saundi khadi ya USB imachotsa mawu mkati mwa bokosi laphokosolo nkuwapangira kunja. Koma dziwani kuti tating'ono totchipa tija timadyabe 5V yomweyo ya kompyuta, nde pena timathandiza pena ayi, ndipo ground loop sitithana nayo. Pa kompyuta ya pa tebulo yakalekale, pawa sapulayi yotopa ndi imene ndimaikayikira pomaliza, bwerekani ina kwa mnzanu muyese musanagule. Osaitsegula mkati, muli makapasita osunga magetsi olo mutazula pulagi. Ndipo ngati phokoso ndi mmmm losalekeza, disiki igwire ntchito isagwire, makamaka muli pa jeneseti kapena inveta ya sola, limenelo si la disiki, ndi la kumene magetsi akuchokera.

Likamabwera pokhapokha nyimbo ikulira

Taganizani pa chigayo. Makina akuzungulira osaima, ndipo pamwamba pali munthu wothira chimanga. Akangochedwa pang'ono, mwina akukangana ndi kasitomala za chenji, chigayo chimalira chopanda kanthu. Saundi khadi ndi chimodzimodzi, imameza tizidutswa ta mawu 44100 pa sekondi iliyonse, pena 48000, ndipo siidikira munthu. Kompyuta imaithirira mu kankhokwe kakang'ono kotchedwa buffer. Kankhokweko kakakhala ka tizidutswa 256 ndiye kuti muli mawu osakwana mamilisekondi 6, ka 512 pafupifupi 12, ka 1024 pafupifupi 23. Purosesa, ubongo wa kompyuta, ikagwidwa ndi draiva wa disiki (kapulogalamu koyendetsa disikiyo) kupitirira nthawi imeneyo, kapena nyimbo yeniyeniyo ikachedwa kuwerengedwa chifukwa kamkono ka disiki kali kwina, kankhokwe kamauma, nde mumamva thee. Zikachitika kambirimbiri motsatizana ndiye tchipisi uja.

Nde funso nlakuti akuitangwanitsa disikiyo ndani. Mu Task Manager pa Processes dinani mutu wa Disk kuti odya kwambiri akwere pamwamba. Ikakhala pa 100% inu musakukopa chilichonse, alipo amene akudya mobisa. Kuti muone bwino lembani resmon pa Windows ndi R paja, pitani pa Disk, ikuonetsani mpaka dzina la fayilo imene ikuwerengedwa. Amene ndimawapeza kawirikawiri ndi Windows Search, imene imalemba kaundula wa mafayilo ndipo kwa munthu wokhala ndi nyimbo masauzande amene amathira zatsopano tsiku ndi tsiku siimapuma, SysMain imene pa Windows 7 ndi 8 imatchedwa Superfetch, antivayirasi ikamasesa, ndi ma update. Lembani services.msc pa Windows ndi R pomwepo, pezani SysMain, dinani Stop, mvetserani nyimbo mukukopa. Kenako Windows Search chimodzimodzi. Chimodzi chimodzi chonde, osati zonse pakamodzi, apo ayi simudziwa chimene chathandiza. Chimene chathandizacho chiikeni pa Disabled, chinacho chibwezereni. Mukazimitsa Windows Search kusaka fayilo ndi dzina kumachedwa, nde ngati mumadalira kusaka, bola kungochotsa foda ya nyimbo mu Indexing Options.

Antivayirasi ndiye sindingakuuzeni kuti muzimitse, makamaka inu amene mumalandira mafulashi a anthu tsiku lonse, kumeneko ndi kuitana mavuto. Ingoonani kuti ndi imodzi, ndaonapo kompyuta ili ndi atatu akulimbirana fayilo imodzi, ndipo kusesa kwakukulu kuziyenda nthawi imene simukuimba. Za ma update, ngati muli ndi pulogalamu Loweruka, lolani kompyuta imalize zake Lachinayi kapena Lachisanu, muiyatsenso kawiri, tsiku lenilenilo Wi-Fi ndi hotspot zikhale zothima.

RAM, memore imene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo, ikachepa Windows imabwereka malo pa disiki nkumasungapo zimene zikanakhala mu RAM, ndipo hadi disiki ndi yochedwa kutalitali. Laputopu ya 4GB pa Windows 10, Chrome matabu 12, WhatsApp, Virtual DJ, zonse zotsegula, disiki singapume. Onani Memory pa Performance paja, ikamakhala pafupi kudzaza tsekani zosafunika, ndipo ngati muli bowo lina la RAM kuikweza kufika 8GB kumasintha zinthu kwambiri.

Kenako za pawa. Control Panel, Power Options, sankhani High performance ngati ilipo, nkulowa Change plan settings, Change advanced power settings. Pa Hard disk pali Turn off hard disk after, nthawi zambiri pamakhala mphindi 20, ikani 0 kuti isamagone. Izi zimakhudza kwambiri amene nyimbo zili pa disiki yachiwiri, imagona, nde mukadina nyimbo yotsatira zonse zimaima kaye masekondi angapo kudikira idzuke, mumaimva ndithu ikuyamba kuzungulira. Pomwepo pa PCI Express, Link State Power Management ikani Off, pa USB selective suspend ikani Disabled. Batire lizitha msanga, zimenezo vomerezani.

A ma studio, kwezani buffer. Mu FL Studio dinani F10, pa Audio, pali Buffer length ndipo pomwepo imawerenga ma underruns, nambala imeneyo ikamakwera ndiye kankhokwe kaja kakuuma. Pomikisa ikani 1024 olo kuposa, palibe chimene mutaye. Pojambula mawu ndi pamene mumafuna yaing'ono kuti woimba asamadzimve mochedwa m'mahedifoni, nde yesani 256 kapena 512 muone pamene makina anu akupirira. Ndimaona anyamata akukakamira 128 pa laputopu yakale chifukwa anamva kuti ma producer akuluakulu amatero, kenako akudandaula kuti kwaya yonse yatuluka yothetheka, anthu atayenda ulendo kuchokera ku Tsangano. A Virtual DJ, lolani iyeze BPM (liwiro) ya nyimbo zatsopano kunyumba, isamakayezere pa ukwati. Ndipo mu Properties ya Speakers muja, tsekani ma enhancements, pa Advanced yesani 16 bit 44100 Hz kapena 48000 Hz, zapamwamba kuposa apo pa MP3 zilibe phindu.

Zikapitirirabe dawunilodani kapulogalamu kotchedwa LatencyMon, ka Resplendence, nkakang'ono sikadya bandulo. Dinani batani lobiriwira, siyani nyimbo ilire mukukopa mafayilo kwa mphindi 10 kapena kuposa, kenako pitani pa Drivers muone amene ali pamwamba pa Highest execution. Mukaona storport.sys, storahci.sys, ataport.sys kapena dzina loyamba ndi iaStor, nkhani ili ku disiki. Mukaona ndis.sys ndiye ndi netiweki, thimitsani Wi-Fi muyesenso, mwina disiki mumaiimba mlandu pomwe imangogwira ntchito chifukwa china chake chikudawuniloda. Ikakhala ya disiki, pangani kaye restore point, pobwerera zinthu zikasokonekera, nkulowa Device Manager, IDE ATA/ATAPI controllers, Update driver, Browse my computer, Let me pick, muyese Standard SATA AHCI Controller. Ngati muli kale pa ameneyo yesani wa kampani imene inapanga kompyutayo. Koma ngati m'menemo mwalembedwa RAID musakhudze. Ndipo mu BIOS, masetingi a madabodi aja mumalowamo Windows isanadzuke, musangosintha kuchoka IDE kupita AHCI chifukwa munaona pa YouTube, Windows imakana kudzuka, sikirini yabuluu, zimafuna kudzera mu Safe Mode nde ngati simunazipangepo pitani nayo kwa wozidziwa.

A vidiyo sho amene mukadali pa Windows XP ndi disiki za lamba wotambalala uja, yanu ndi iyi. XP ikaona zolakwika zingapo powerenga disiki kapena CD yokalikakalika, imatsitsa liwiro mpaka kufika pa PIO, pomwe purosesa imanyamula yokha kachidutswa kalikonse, ndipo mawu amachita chibwibwi koopsa. Device Manager, Primary IDE Channel, Advanced Settings, onani Current Transfer Mode. Pakalembedwa PIO Mode m'malo mwa Ultra DMA, pangani Uninstall chanelo imeneyo muyatsenso kompyuta, imabwerera yokha. Ikabwereranso ku PIO sinthani lambayo, pezani wa mawaya 80 osati 40.

Ya tiki tiki ndinati ndiibwerera ija

Pena kuthetheka ndi disiki ikutsanzika. Ikafika pamalo poonongeka imayesa kuwerenga, kulephera, kuyesanso, ndipo nthawi yonseyo zina zonse zikudikira. Chizindikiro chake, nyimbo yomweyomweyo imakakamira pamalo omwewo nthawi zonse, mausi nayo pena kuuma, kukopa kumayamba bwino kenako kutsika mpaka 0 nkudzukanso. Ikani CrystalDiskInfo, pulogalamu yoyeza thanzi la disiki, ndi yaulere. Ikaonetsa Good yabuluu pumaniko, ikaonetsa Caution yachikasu kapena Bad yofiira yambani kusamutsa katundu. Mizere yofunika ndi 05 Reallocated Sectors Count, C5 Current Pending Sector Count ndi C6 Uncorrectable Sector Count, ndipo muziyang'ana kumapeto pa Raw Values, pamenepo pakuyenera kukhala maziro okhaokha. Disiki yotere musaipange defragment (kusanjanso mafayilo), musathamangirenso chkdsk /r (kusaka malo oonongeka) musanakope, zonsezi zimaikakamiza kugwira ntchito maola ambiri ndipo ikhoza kufera m'njira. Yambani ndi zimene simungazipezenso kwina, zithunzi za maukwati a anthu, mapulojekiti a kwaya, nyimbo zodawuniloda zibwere pambuyo.

Mzere wina ndi C7 UltraDMA CRC Error Count. Umenewu ukakwera nthawi zambiri disiki ilibe mlandu, ndi kebulo ya SATA, yolumikiza disiki ku madabodi ija, kapena polowera pake, deta ikuonongeka m'njira nde ikutumizidwa kawirikawiri. Nambalayi siibwerera pa ziro olo mutakonza, nde ilembeni pa pepala, sinthani kebulo, yesaninso bowo lina pa madabodi, kopani foda yaikulu muone ngati yasuntha. Pomwepo onaninso kutentha, ikamadutsa 50 digiri tsegulani bokosi mupemerere fumbi, la Okutobala lija la m'mphepete mwa M1 limatseka mafani ngati bulangete. Ndipo kuthima kwa magetsi disiki ili mkati molemba kumaipweteka, amene muli pa desktop ka UPS, kabatire kogwirizira magetsi akathima, nkofunika.

Ambiri amandifunsa kuti bwanji osangogula SSD, disiki ya mtundu watsopano ija, basi. Pa matenda achiwiri aja ndi zoona, mulibe chozungulira, mulibe kamkono, 100% ija imatsika, kompyuta yakale imakhala ngati yabadwanso, ndipo ngati pali ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha ine ndimati imeneyo. Windows ndi mapulogalamu zikhale pa SSD, nkhokwe ya nyimbo ndi mafilimu ikhale pa hadi disiki ngati ili yamoyo. Pa laputopu yokhala ndi DVD mukhoza kuichotsa nkuikapo caddy yonyamula disiki yachiwiri, ingoyezani kaye chifukwa zilipo za 9.5mm ndi za 12.7mm. Koma pa matenda a magetsi SSD si mankhwala, phokoso likhoza kuchepa koma chaja yoipa ndi earth yosokonekera zikhala pomwepo, mudzangoyamba kulimva mukamasuntha mausi.

Akulu a ku Lizulu aja, jaki inali pa bowo la kutsogolo, kawaya ka HD AUDIO katakulungidwa pamodzi ndi mawaya a magetsi a disiki ndi lamba wa chubu, kaya anamanga ndani. Titasamutsira kumbuyo tsiii uja anatha, koma nyimbo imadukabe pokopa. CrystalDiskInfo inaonetsa Good, 05 ndi C5 maziro, koma C7 ikukwera tikuyang'ana. Kebulo ya SATA inali yothyoka kokowera, imangogwira mwamwayi, mwinanso mabampu a mu minibasi anawonjezera. Ndinatenga ina mu katoni ya zotsalira, tinakopa foda ya mafilimu kawiri nyimbo ikulira, nambala sinasunthe. Madabodi sanagule. Masipika owonjezera aja akuti awamangirira panja pa khonde kuyang'ana ku msika.